Lipoti la kuyeretsa ndi kusamala makina owerengera braille a mphunzitsi wa ku Angónia

Lipoti ili likufotokoza za makina owerengera braille (zilembo za timadontho totukuka zimene osaona amawerenga ndi zala) amene anafika m'manja mwanga kuno mumzinda wa Tete m'mwezi wa Okutobala, mwini wake atataya kale mtima poganiza kuti makinawo afa. Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi mafoni, koma kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikulandiranso zipangizo za anthu osaona, chifukwa amisiri anzanga ambiri amaziopa ndipo amazibweza osazikhudza n'komwe. Mwini makinawo anandilola kulemba nkhaniyi, koma dzina lawo, la sukulu yawo ndi la kampani yopanga makinawo sinditchula.

Mwini wakeyo ndi bambo wachikulire ndithu, mphunzitsi wa Chipwitikizi pa sukulu ina ya m'boma la Angónia, kufupi ndi Ulónguè. Anasiya kuona ali mnyamata, ndipo braille amawerenga mwaliwiro loti ine wowerenga ndi maso sindingawapeze. Makinawo, amene iwo amawatchula m'Chipwitikizi kuti linha braille, anachita kupatsidwa, ndipo pa zaka zitatu zimene akhala nawo amawalumikiza ku laputopu yokhala ndi pulogalamu ya NVDA, yowerengera osaona zimene zili pakompyuta, pokonzekera maphunziro, powerenga makalata ndiponso posunga malikisi a ana.

Kwa amene sanawaonepo, makina amenewa ndi kabokosi kotalika ngati kiyibodi yaing'ono, kokhala ndi mzere umodzi wa tizipinda 40. M'kachipinda kalikonse muli timapini 8 tosalala kumutu, timene timatuluka ndi kulowa m'timabowo kuti tipange chilembo chimodzi, ndipo munthu akafika kumapeto kwa mzere amadina batani, timapini tonse n'kusintha kupanga mawu otsatira. Zilembo zimene Louis Braille anakonza ku France ali ndi zaka 15, n'kuzisindikiza mu 1829, zili ndi timadontho 6, todziwika ndi manambala 1 mpaka 6. Tiwiri towonjezera ta m'munsi, 7 ndi 8, makinawa amatigwiritsa ntchito kwambiri posonyeza pamene wolemba wafika kapena mawu amene wawasankha. Choncho m'makina a aphunzitsiwa muli timapini 320, ndipo pansi pa kalikonse pali kachitsulo kopyapyala kokutidwa ndi ceramic ya mtundu wa piezoelectric, kamene kamapindika kakalandira magetsi a mavoti pafupifupi 200, n'kukankha kapiniko m'mwamba mtunda wosakwana milimita imodzi. Mphamvu yokankhayo ndi yochepa zedi, yongokwanira kuti chala chimve, motero litsiro limene pa kiyibodi wamba silingasokoneze kanthu limatha kuimitsa kapini.

Aphunzitsiwo anabwera ndi mwana wa mlongo wawo, mtsikana amene amawaperekeza pa maulendo aatali. Atangokhala pansi anati, "Amisiri, chimene chikundiwawa si makinawa ayi, koma kuti ndayamba kukayikira zala zangazi." Anafotokoza kuti kuyambira mu Ogasiti anayamba kuphonya mawu amene kale sakanaphonya. Powerengera ana ndime ina anatchula capa pamene panalembedwa caça, ana n'kuseka, ndipo tsiku lina uthenga wa Chichewa wonena kuti munthu "lowa" iwo anamva "bowa". Chimene anasweka nacho mtima n'chakuti polengeza malikisi anauza mwana wina kuti wapeza 12 pa 20, pamene mwanayo anapeza 18, ndipo mwanayo anachita kuwadzudzula pamaso pa kalasi yonse. Mkulu wawo anadwala matenda a shuga mpaka mapazi kuchita dzanzi, choncho iwo anayamba kuganiza kuti nawonso zala zayamba kufa, ndipo kwa milungu ingapo sanauze munthu aliyense.

Zolakwika zitatuzi zinandiuza zambiri ndisanakhudze n'komwe makinawo, chifukwa zonse zinali za mtundu umodzi. Chilembo ç m'braille ya Chipwitikizi chili ndi timadontho 1, 2, 3, 4 ndi 6, ndipo kadontho 6 kakapanda kutuluka chimasanduka p. Chilembo l ndi timadontho 1, 2 ndi 3, ndipo kadontho 3 kakasowa chimasanduka b. Manambala amalembedwa ndi zilembo zoyambira a mpaka j pambuyo pa chizindikiro cha nambala, motero 8 ndi h, wa timadontho 1, 2 ndi 5, amene akataya kadontho 5 amasanduka b, ndiye kuti 2. Paliponse kadontho kamodzi kankasowa, ndipo panalibe pamene kadontho kanawonjezereka kapena kusokonekera malo. Chala chimene chikuchita dzanzi sichisankha motero.

Komabe sindinafune kuwatsimikizira ndi pakamwa pokha. Ndinawafunsa ngati ali ndi braille ya papepala, ndipo m'chikwama chawo munali masamba awiri amene analemba kalekale pa makina olembera braille a Perkins, timadontho take titayamba kale kuphwa. Anawerenga masamba onsewo mokweza, ine ndikutsatira ndi maso pang'onopang'ono, ndipo sanaphonye ngakhale chilembo chimodzi. Atamaliza anakhala chete kanthawi, kenako anapukuta kumaso ndi mpango. Ndinawauza kuti za shuga ine sindine dokotala, ndipo n'kwabwino akayezetse kuchipatala kuti mtima ukhale m'malo, koma kuti zala zimene zawerenga pepala lophwa chonchi si zimene zalakwitsa malikisi. Kwa ine kuyesa kumeneku n'kofunika kuposa china chilichonse chimene ndinachita pambuyo pake, ndipo mmisiri aliyense wolandira makina otere ayambire pamenepa, chifukwa munthu wosaona sangathe kuyang'ana makina ake n'kuona kuti ada, choncho mlandu amayamba kudziimba yekha.

Kuti ndione timapini tonse nthawi imodzi ndinafunika kutitulutsa tonse. Makina ambiri ali ndi njira yawoyawo yodziyesera, yolembedwa m'buku lake, koma buku la makina awa linatsala kumudzi. Pamenepa Chipwitikizi chinatithandiza, chifukwa chilembo é m'braille yake chimatulutsa timadontho tonse 6. Tinalemba é maulendo 40 pa laputopu, kenako tinasankha mzere wonsewo, NVDA n'kutulutsanso timadontho 7 ndi 8 posonyeza mawu osankhidwa. Aphunzitsiwo anayendetsa chala kuchokera kumanzere, akutchula kachipinda ndi kadontho kalikonse kamene akukakayikira, mtsikana uja akulemba papepala, ine ndikuyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu. Tinapeza timapini 17 tovuta. Mwa timeneti, 11 tinkatuluka mochedwa kapena kuthera pakati, 5 tinkatuluka pokhapokha munthu atagogoda pambali pa makinawo, ndipo kamodzi, kadontho 5 ka m'kachipinda 39, sikankasuntha n'komwe.

Timapini 16 toyambato tonse tinali m'tizipinda ta kumanzere, pakati pa 1 ndi 15, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva: mzere uliwonse, wautali kapena waufupi, umayambira kumanzere, choncho zala zimadutsa kumeneko kambirimbiri kuposa kumanja. Pansi pa galasi, m'mphepete mwa timabowo munali phala lotuwa lomata, ndipo m'timabowo tina munkaoneka tiulusi toyera topyapyala titazinga timapini. Kachipinda 39 kanali koyera bwino, koma pangodya ya kumanja ya makinawo panali kamng'alu. Nditafunsa, aphunzitsiwo anakumbukira kuti makinawo anagwapo patebulo mwana wina atakola waya ndi phazi. Apa ndinadziwa kuti tili ndi mavuto awiri osiyana, lina la litsiro ndi lina la kuthyoka, ndipo ndinawauziratu kuti lachiwirilo kupukuta sikungalithetse.

Phala lija linali ndi mbiri yake, imene inatuluka pang'onopang'ono pocheza. Ku Angónia, kumtunda kumene kuja, mu Juni ndi Julaye kumazizira kwambiri kusiyana ndi kuno kuchigwa cha Zambezi, khungu limatuwa n'kung'ambika, ndipo aphunzitsiwo m'mawa uliwonse ankadzola mafuta olimba aja a m'botolo kuti zala zisaume. M'kalasi amakhala patebulo la kutsogolo, pansi penipeni pa bolodi, mwana wina akuwalembera ndi choko n'kumafufuta, fumbi lake likugwera pamakina. Kuyambira mu Ogasiti mphepo imawonjezapo fumbi la pabwalo kudzera m'mawindo. Ndiye panalinso sanitaiza, amene anamuzolowera kuyambira nthawi ya Covid-19 mu 2020, osadziwa kuti wambiri mwa iye, makamaka wa phala uja, amakhala ndi glycerine amene amatsalira pakhungu mowa wake ukauma. Mafuta, choko, fumbi ndi thukuta zikakumana m'kabowo kakang'ono chotero zimagwirana ngati phula.

Tiulusi toyera tija mtsikanayo ndiye anatifotokoza, akuyang'ana pansi. Anati, "Amalume atayamba kudandaula ndinapukuta ndi chitenje chonyowa, zitakanika ndinatenga thonje ndi sanitaiza." Ndinamuuza kuti asadziimbe mlandu, chifukwa anachita zimene munthu aliyense wachikondi akanachita popanda womuuza, ndiponso palibe amene anawafotokozera za kasamalidwe kake pamene ankalandira makinawo. Chimenechi ndicho chimandipweteka pa zipangizo zambiri zimene zimafika kwathu kuno: munthu amapatsidwa chinthu chodula kuposa laputopu yake, amaphunzitsidwa mabatani, koma za kansalu ndi spiriti, zimene n'zotsika mtengo, palibe amene amazitchula.

Ndinayamba ndi makina ozimitsa, nditachotsa mawaya onse. Ndinawatembenuza chafufumimba n'kusesa pamwamba pake ndi burashi yofewa youma kuti fumbi lomasuka ligwe pansi, kenako ndinazula tiulusi ta thonje kamodzikamodzi ndi kopanira kakang'ono, osalowetsa nsonga yake m'kabowo. Singano kapena pini ya zovala sindilola kuti iyandikire, chifukwa ikakanda kabowo kapena kukankha kapini mopitirira, kachitsulo ka pansi kaja kamatha kusweka. Nditatero ndinayatsa makinawo, ndinawalumikiza pa Bluetooth kuti pasakhale waya, n'kutulutsa timapini tonse ndi mzere wa é uja.

Popukuta ndinagwiritsa ntchito spiriti wa isopropyl, yemweyo amene timatsukira mabodi a mafoni, ndi kansalu kosatulutsa ubweya ngati kopukutira magalasi a m'maso. Spiritiyo amathiridwa pakansalu, osati pamakina, ndipo kansaluko kakakhudza kuseri kwa dzanja kayenera kungozizira osasiya chinyezi. Makinawo amakhala chafufumimba nthawi yonse yopukuta, timapini titaloza pansi, kuti litsiro losungunuka litsikire pakansalu m'malo molowera mkati mmene muli magetsi. Ndinayendetsa kansalu mopepuka kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndikusintha mbali yoyera ulendo uliwonse, ndipo maulendo oyambirira kankabwera kachikasu kotuwira. Kenako ndinasinthasintha mzere wa é ndi mzere wopanda kanthu kwa mphindi zingapo kuti timapini tizikwera ndi kutsika, n'kusiya makinawo chafufumimba, ozimitsa, kwa ola lathunthu.

Ndiyenera kulemba poyera kuti pambuyo pa kupukuta koyamba zinthu zinaoneka ngati zaipiraipira. Timapini 3 timene poyamba tinali bwino tinayamba kuchedwa, ndipo aphunzitsiwo, amene anali pambali panga akumvetsera, anagwira mzerewo n'kufunsa motsitsa mawu ngati sitinawononge zambiri. Chimene chinachitika n'chakuti mafuta osungunuka anasamukira m'timabowo toyandikana n'kuumiramo. Ndi pamenepa pamene munthu wosadziwa amathira spiriti wambiri kapena kukanikiza mwamphamvu, ndipo zonse ziwiri n'zowononga. Ine ndinabwereza ntchito yomweyo ndi kansalu katsopano madzulo ake, ndipo inachitikanso kachitatu m'mawa mwake. Pambuyo pa ulendo wachiwiri timapini 12 mwa 16 tija tinamasuka pamodzi ndi 3 tongochedwa kumene tija, ndipo pambuyo pa wachitatu tonse 16 tinkatuluka mofanana ndi tinzake.

Mtsikana uja anandifunsa za zinthu zimene zimapezeka mosavuta kumudzi, ndipo mayankho ake ndi ofunika kuwalemba. Spiriti wa mtundu wofiirira uja ali ndi utoto ndi zina zosakanizamo zimene zimatsalira. Kachasu ali ndi madzi ambiri ndi zotsalira zake. Mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo amasungunula mapulasitiki ena. Mafuta ofewetsera zitsulo amamasula kapini tsiku limodzi, mawa lake n'kuyamba kukoka fumbi lonse la m'kalasi. Kuuzira ndi pakamwa kumalowetsa chinyezi, ndipo mpweya wa pampu yopopera matayala umakankhira litsiro mkati. Ndinawauzanso kuti akafika kunyumba mtsikanayo awawerengere gawo la kuyeretsa m'buku la makinawo, chifukwa makampani amasiyana pa mlingo wa spiriti umene amalola, ndipo makina ena atsopano, monga Orbit Reader 20, timapini take timayendetsedwa ndi njira ina yosakhala ya piezoelectric, choncho malangizo a wopanga ndiwo oyamba kutsatira.

Kachipinda 39 sindinakatsegule, ndipo ndinakana ngakhale aphunzitsiwo anandilimbikitsa kuti ndiyese. Mkati mwa makinawa muli magetsi okwera amene ndatchula aja, tizipinda take timalumikizana mothinana, ndipo kachitsulo kosweka sikawotcheredwa, kachipinda konse kamachita kusinthidwa. Ine kosinthira ndinalibe, ndipo kutsegula popanda chosinthira kukanaika pachiswe tizipinda 39 tabwino chifukwa cha kamodzi. Mwayi wake unali woti kachipindako kali kumapeto kwa mzere. Tinatchera NVDA kuti asamadule mawu pakati pofika kumapeto, motero nthawi zambiri tizipinda tomalizato timakhala topanda kanthu. Pachikuto cha makinawo, moyang'anana ndi kachipinda 39, tinamatapo kachidutswa ka tepi kokhuthala kuti chala chizidziwa kuti chafika pokayikitsa, ndipo tinagwirizana kuti nambala iliyonse yogwera pamenepo aziitsimikiza ndi mawu a kompyuta kudzera m'kachomvera ka kukhutu.

Kupukuta kwachitatu sindinachite ine. Ndinaona kuti ngati ntchitoyi ikhala ya mmisiri wa ku Tete, ndiye kuti aphunzitsiwo azikwera chapa, minibasi ya kuno, ulendo wa maola angapo chifukwa cha fumbi la choko, kapena azidikira munthu woona kuti awachitire, pamene zala zawo zimazindikira kapini kochedwa msanga kuposa maso anga ndi galasi lomwe. Vuto linali kugwira makina chafufumimba ndi dzanja limodzi kwinaku ukupukuta ndi linalo. Tinasanja mabuku milu iwiri yofanana patebulo, tinagoneka makinawo pamwamba pake ngati mlatho, timapini titaloza pansi, ndipo iwo analowetsa dzanja kunsi. Spiriti tinamuika m'kabotolo kodontheza, ndipo anaphunzira kuwerenga madontho pomva kuzizira kwake pachala kudzera m'kansalu. Poyamba ankakanikiza kwambiri, ine n'kugwira dzanja lawo kuti amve kupepuka koyenera, kofanana ndi mmene amawerengera. Ulendo wachinayi anayendetsa okha kuchokera kumanzere mpaka kumanja, kenako anauza mtsikanayo kuti, "Iwe ntchito yako izikhala yongondiuza ngati kansalu kada."

Za tsiku ndi tsiku tinakambirana moyang'ana moyo wawo weniweni, osati malamulo a m'buku. Kuwauza kuti asiye kudzola m'nyengo yozizira kukanakhala kulakwa, chifukwa chala chong'ambika sichiwerenga bwino, choncho tinagwirizana kuti azidzola usiku pogona, ndipo asanakhudze makina azisamba m'manja ndi sopo n'kupukuta mpaka muume. Tebulo lawo lisunthidwe kuchoka pansi pa bolodi, makina azivundikiridwa ndi kansalu akangochotsapo manja, ndipo waya uzidutsa kumene ana sapondako. Mtedza wokazinga ndi mandasi a pa nthawi yopuma zizidikira makina atalowa m'chikwama. Kupukuta ndi kansalu kouma kuzichitika madzulo aliwonse, kwa spiriti kamodzi pamwezi m'nyengo ya fumbi, kapena akangomva kapini kakuchedwa.

Ndinawachenjezanso za kutentha ndi mvula. Kuno ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo batire la lithium limene lili m'makinawa limafooka msanga likasiyidwa padzuwa kapena m'galimoto yotseka. M'dzinja, kukamachita ziphaliwali, makina ndi laputopu zizichotsedwa kumagetsi, ndipo m'chikwama muzikhala timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Makina akanyowa ndi mvula asayatsidwe kuti aone ngati akugwirabe, koma azimitsidwe, akhale chafufumimba pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku angapo. Pobwerera kwawo, podziwa fumbi la msewu wodutsa ku Moatize mpaka kukakhota pa Mussacama, tinakulunga makinawo m'nsalu yoyera, tinawaika m'pulasitiki, ndipo anawanyamula pamiyendo osati kumbuyo kwa chapa kumene kumakhala matumba.

Patapita milungu 6 aphunzitsiwo anandiimbira foni. Anati timapini 2 ta m'kachipinda 4 tinayambanso kuchedwa chakumapeto kwa Novembala, ndipo anatimasula okha pa mlatho wa mabuku uja, kupukuta kawiri. Kuchipatala anapita, ndipo anandiuza kuti sanawapeze ndi shuga. Malikisi a kumapeto kwa chaka anawerenga okha, makalasi onse, popanda mwana wobwera kudzadandaula. Kadontho 5 ka m'kachipinda 39 sikanadzuke, monga ndinkayembekezera. Tinalembera limodzi kalata kwa amene anawapatsa makinawo, yotchula nambala ya makinawo, kachipinda kowonongeka ndi zimene zinayesedwa kale, yopempha kuti atithandize kuitanitsa kachipinda kosinthira kuchokera kunja kwa dziko, kapena kutumiza makinawo kwa okonza ovomerezeka pa nthawi ya tchuthi kuti aphunzitsiwo asakhale manja lende sukulu ili mkati. Pamene ndikulemba lipotili yankho silinabwere, ndipo makinawo akugwira ntchito ndi timapini 319.